Timadontho tanga tikuwala mosiyana ulendo uliwonse: ndikulakwitsa pati?

Funso

Aphunzitsi, ndine mtsikana amene ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri ya kemisitiri. Ntchito yanga ndi kupanga timadontho ta cadmium selenide, tija amati quantum dots. Ndimatsatira njira imene ndinaipeza m'pepala la kafukufuku: ndimasungunula cadmium oxide mu oleic acid ndi octadecene, zikatentha ndimabayiramo selenium wosungunulidwa mu TOP (trioctylphosphine, mankhwala amadzimadzi onga mafuta). Koma ulendo uliwonse zimatuluka zosiyana. Lero tiwala mobiriwira, mawa mwachikasu, mkuja mofiirira, pomwe ine ndimaona ngati ndachita chimodzimodzi. Ndikatitsuka ndi ethanol kuwala kumazilala, ndipo nthawi zina sitisungunukanso n'komwe. Mnzanga wina akuti ndingosiya, ndizipanga ndi madzi a masamba a mitengo, ati ndi njira yosavuta komanso yopanda poizoni. Kodi ndine amene ndikulephera? Nanga cadmium ameneyu sandivulaza? Wophunzira wothedwa nzeru.

Yankho

Achemwali, khazikani mtima pansi. Simukulephera ayi, ndipo mwachita bwino kufunsa. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikupanga timadontho totere ndi kuphunzitsa ena, sindikumbukira wophunzira amene zinamuyendera bwino masiku oyambirira. Ndipotu m'kalata yanuyi muli nkhani yabwino imene inu simunaione. Cadmium selenide akakhala chibuluma chachikulu amaoneka wakuda, sawala mobiriwira kapena mwachikasu. Ngati wanuyo akutulutsa mitundu imeneyi, ndiye kuti timadontho mwatipanga ndithu. Chimene chatsala n'kudziwa kulamulira kakulidwe kake.

Tiyambe ndi mtunduwo, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Cadmium selenide ndi semiconductor, kutanthauza chinthu chimene chimadutsitsa magetsi pang'ono chabe, osati ngati chitsulo. Kuwala kukamumenya, elekitironi imadumpha kuchoka pamalo pake n'kusiya mpata, ndipo ikabwerera mumpatamo imatulutsa kuwala. M'chibuluma chachikulu mphamvu yofunika pa kudumphaku ndi 1.74 eV (eV ndi muyezo wa mphamvu zazing'ono ngati za elekitironi), ndipo sisintha kaya mwachidula pakati kapena mwachiphwanya n'kukhala mchenga. Koma elekitironi ndi mpata wakewo zimafuna malo okwanira, pafupifupi nanomita 5 kapena 6 pakati pake. Nanomita (nm) ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Kadontho kakachepa kuposa pamenepa, ziwirizi zimapanikizika, mphamvu imakwera, ndipo kuwala kumasunthira kumbali ya buluu. Kakang'ono kamawala mobiriwira, kokulirapo mofiira.

Taonani tsono kuchepa kwa kusiyana kwake. Kadontho ka nanomita 2.3 m'mimba mwake kamayamwa kwambiri kuwala kumene mafunde ake ndi otalika cha pa 500 nm (kutalika kwa mafundeku ndi kumene kumagamula mtundu wa kuwala). Ka nanomita 3 kamayamwa cha pa 550 nm, ndipo kali ndi maatomu ongokwana cha m'ma 500. Ka nanomita 4.6 kamayamwa cha pa 600 nm. Kuchoka pa 3 kufika pa 4.6 ndi kungoyala mizere iwiri yokha ya cadmium ndi selenium kuzungulira kadonthoko, koma diso lanu liona mtundu wasintha kuchoka pa wobiriwira mwachikasu kufika pa wofiirira. Choncho mukamati "ndachita chimodzimodzi", ine ndikukhulupirira kuti mwayesetsadi. Kungoti ntchito imeneyi imamva tinthu timene dzanja ndi diso sizingazindikire.

Vuto lanuli linasautsa akatswiri kwa zaka pafupifupi 10. Aleksey Ekimov anaona kusintha kwa mtundu kumeneku chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Leningrad (lero ndi St Petersburg, ku Russia), m'timadontho ta copper chloride tokulira m'kati mwa galasi. Mu 1983 Louis Brus, ali ku Bell Labs ku America, anaona zomwezo m'timadontho ta cadmium sulfide toyandama m'madzi. Zoti mtundu umatsatira kukula zinadziwika, koma kupanga timadontho tofanana kukula kunali kovuta, ndipo timene ankapeza tinali tosakanikirana ndi tolemala. Zinthu zinasintha mu 1993 ku yunivesite ya MIT ku America, pamene Christopher Murray, David Norris ndi Moungi Bawendi anabayira dimethylcadmium ndi selenium m'mafuta a TOPO (trioctylphosphine oxide) otentha pafupifupi madigiri 300 a Celsius. Ekimov, Brus ndi Bawendi analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 2023. Njira imene inu mukugwiritsa ntchito inachokera pomwepo. Gulu la Xiaogang Peng ku University of Arkansas ndi limene linaonetsa mu 2001 kuti cadmium oxide angalowe m'malo mwa dimethylcadmium, yemwe amayaka yekha akakumana ndi mpweya ndipo ndi poizoni woopsa kwambiri. Chaka chotsatira anaonetsanso kuti octadecene angagwire ntchito ngati mafuta osungunulira.

N'chifukwa chiyani amabayira zinthu zozizira m'mafuta otentha? Maganizo ake ndi akale, a Victor LaMer ndi Robert Dinegar, amene mu 1950 ankafufuza timibulu ta sulfure. Iwo anati kuti timibulu tifanane, mbewu zonse zibadwe nthawi imodzi, kenako kubadwa kuime, kutsale kukula kokha. Zili ngati munda: mbewu zofesedwa tsiku limodzi zimakula mofanana, koma mukamafesa pang'onopang'ono mwezi wonse, zina zidzakhala m'chiuno pamene zina zikungomera. Mukabaya selenium mwachangu, mafutawo amadzaza mopitirira muyezo ndi cadmium ndi selenium wofuna kugwirana, ndipo mbewu zambirimbiri zimabadwa pa kanthawi kochepa. Madzi ozizira mwabayawo amatsitsa kutentha, zipangizo nazonso zimachepa, basi kubadwa kumaima. Zotsalazo zimangomatirira pa mbewu zimene zilipo kale. Mbewu zikabadwa zambiri, iliyonse imapeza chakudya chochepa ndipo timadontho timakhala tating'ono. Zikabadwa zochepa, timakula. Mtundu wa timadontho tanu umagamulidwa kwambiri m'masekondi ochepa oyambirirawo.

Ndiye ine ndikanaima pambali panu m'labotale, ndikanayang'anitsitsa botolo lisanabayidwe n'komwe. Ufa wa cadmium oxide ndi wofiira moderako. Kutentha kukamakwera, asidi uja amaudya pang'onopang'ono n'kupanga cadmium oleate, mpaka madziwo amayera mbee, kapena kutsala ndi kachikasu kochepa chabe. Mukaona timibulu takuda ta ufawo tikuzungulirabe pansi, kapena ufa utamatirira m'khosi mwa botolo, dziwani kuti cadmium amene walowa m'ntchito ndi wochepa kuposa amene munayeza. Dikirani. Kusungunukaku kumatulutsanso madzi enieni, ndipo muwaona akuchita thukuta m'mwamba mwa galasi. Madziwo akagwera m'mafuta a madigiri oposa 200 amathetheka, komanso amasintha mmene cadmium amagwirira ntchito. N'chifukwa chake timayamba takoka mpweya ndi pampu kwa pafupifupi ola limodzi pa madigiri 100 mpaka 120, mpaka thovu litasiya kutuluka, kenako n'kulowetsa nayitirojeni kapena argon. Cadmium oxide akasungunuka, ndi bwino kutsitsanso kutentha n'kukokanso kachiwiri. Ophunzira ambiri amafupikitsa gawo limeneli tsiku limene afulumira, n'kulitalikitsa tsiku limene ali ndi nthawi, kenako amadabwa kuti zotuluka zasiyana.

Chachiwiri ndikanaona choyezera kutentha. Kodi nsonga yake yamira m'mafutamo, kapena ikungokhudza pamwamba? Kodi mukuwerenga kutentha kwa mafuta, kapena kwa chotenthetsera chakunja? Ziwirizi zimatha kusiyana ndi madigiri makumi angapo. Njira zambiri za cadmium oxide ndi octadecene zimabaya pakati pa madigiri 220 ndi 270, ndipo kusiyana kwa madigiri 10 kokha n'kokwanira kusuntha mtundu. Sankhani nambala imodzi, mulole kutentha kukhazikike pamenepo kwa mphindi zingapo, ndiyeno mubaye.

Kubayako ndiye mtima wa ntchito. Kuchitike kamodzi n'kamodzi, ndi singano yaikulu bowo, chala chikankhe mpaka pansi mosadodoma, kachitsulo kotakasira kakuzungulira mwamphamvu. Zikayenda bwino muona madzi oyera aja achita chikasu nthawi yomweyo, kenako olenji, kenako kufiira kukudza, zonsezi mukuyang'ana. Munthu wamantha amabaya pang'onopang'ono, ndipo mbewu zoyamba zimakhala zitakula kale pamene zomaliza zikubadwa. Ndaonapo ophunzira awiri akugwiritsa ntchito mankhwala a m'botolo limodzi, pa chotenthetsera chimodzi, wina n'kupeza kuwala kowongoka bwino, wina kosakanikirana, kusiyana kwake kuli pa chala basi. Yeserani kubaya ndi octadecene wopanda kanthu mpaka dzanja lizolowere. Kuchuluka kwa madzi obayawo kukhale kofanana nthawi zonse, ndiponso kukula kwa botolo, chifukwa zimenezi ndi zimene zimagamula kuti kutentha kutsika bwanji komanso kubwerera msanga bwanji.

Pali chinanso chimene mapepala ambiri sachitchula mokwanira: kuyera kwa mankhwala. TOP, TOPO ndi oleic acid amene amagulidwa kawirikawiri ndi oyera 90 peresenti yokha. Gawo lotsalalo si madzi wamba. Mu TOPO mumapezeka ma phosphonic acid amene amagwira cadmium mwamphamvu n'kusintha kakulidwe, ndipo mu TOP mumapezeka ma phosphine ena amene amafulumizitsa selenium kuposa TOP weniweniyo. Botolo latsopano likhoza kukupatsani zotsatira zina, ngakhale lachokera ku kampani yomweyo. TOP amawonongekanso akakumana ndi mpweya, choncho selenium amene munasungunula mwezi watha, n'kumatsegula botolo tsiku ndi tsiku, sali ngati wa lero. Muzilemba nambala ya botolo lililonse m'buku lanu, ndi tsiku limene munalitsegula. Oleic acid nayenso muzimuyeza mosamala. Akachuluka amagwira cadmium kuti asathamange, mbewu zimabadwa zochepa, timadontho n'kukula.

Nanga nthawi? Kukula kuli ndi magawo awiri. Poyamba, zipangizo zikadali zambiri m'mafuta, timadontho tating'ono timakula msanga kuposa tatikulu, ndiye tonse timayandikirana kukula. Imeneyi ndi nthawi yabwino yoimitsira. Zipangizo zikatha zinthu zimatembenuka: tating'ono timayamba kusungunuka, maatomu ake n'kukamatirira pa tatikulu. Akatswiri amati Ostwald ripening. Mukachedwa kuchotsa botolo pamoto, mtundu umapitirira kufiira ndipo kuwala kumasakanikirana.

Langizo langa lalikulu ndi ili. Ulendo wotsatira musalimbane ndi kupeza mtundu umene mukufuna. Konzani timabotolo tingapo tokhala ndi hexane kapena toluene wozizira pang'ono, muike wotchi pafupi, ndipo mukabaya muzitapa kadontho ka mafutawo pa masekondi 10, 30, 60, kenako pa mphindi 2, 5 ndi 10, n'kuthira m'timabotolomo. Mukatindandalika pansi pa nyali ya UV (kuwala kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso) muona mbiri yonse ya botolo lanu, kuyambira kobiriwira mpaka kofiira. Kenako muyeze kalikonse pa makina a UV-Vis, oyezera kuwala kumene timadontho timayamwa. Pa mzere umene makinawo ajambule, malo a nsonga yoyamba akuuzani kukula, kuthwa kwake kukuuzani kufanana. Ngati muli ndi makina oyezera kuwala kotuluka, yang'anani kutambalala kwa nsonga pakati pa msinkhu wake: pa cadmium selenide wopangidwa bwino kumakhala cha pa 25 mpaka 30 nm. Kukafika 40 kapena kuposa, ndiye kuti timadontho tanu n'tosiyana kukula. Bwerezani zimenezi katatu osasintha kalikonse. Zitatuzo zikafanana, yambani kusintha chinthu chimodzi pa ulendo, kaya kutentha, kaya asidi. Diso lokha musalidalire, chifukwa mtundu umaoneka mosiyana malinga ndi kuchuluka kwa timadontho m'madzimo.

Tsopano za kutsuka, zimene ndikuona kuti ndi zimene zakupwetekani mtima kwambiri. Pa kadontho ka maatomu 500, gawo lalikulu la maatomuwo lili pamwamba penipeni, ndipo atomu ya pamwamba ilibe anzake okwanira oti igwirane nawo. Malo osagwiranawo amakola elekitironi, ndipo mphamvu yake imathera m'kutentha m'malo mwa kuwala. Chimene chimatseka malo amenewa ndi mamolekyulu a oleate: mutu wake umagwira cadmium wa pamwamba, mchira wake wautali umayandama m'mafuta. Ntchito zake ndi ziwiri, kuteteza kuwala ndi kuletsa timadontho kuti tisamatirane. Timawatcha ma ligand. Koma sagwira mpaka kalekale; amachoka n'kubwerera. Mukathira ethanol kapena methanol wambiri, mowawo umawasomphola, ndipo mukataya madzi a pamwamba mwawataya nawo limodzi. Kutsuka koyamba kumachotsa zosafunika. Kwachinayi ndi kwachisanu kumavula timadonthoto, n'chifukwa chake timazilala, kenako timaundana osasungunukanso.

Chitani motere. Mafuta akazizira, asakanizeni kaye ndi toluene kapena hexane pang'ono. Kenako thirani acetone kapena methyl acetate pang'onopang'ono mukugwedeza, ndipo mungoona madzi oyera aja achita mtambo, imani. Musapitirire. Zunguzani mu centrifuge, makina ozunguza mwaliwiro kuti zolemera zikhale pansi, kwa mphindi zochepa. Pansi pakhala kachibuluma kofewa kofiira, pamwamba madzi oyera kapena achikasu pang'ono. Tayani a pamwambawo m'botolo la zinyalala, ndipo kachibulumako mukasungunule nthawi yomweyo kasanaume. Kawiri, mwina katatu, n'kokwanira pa ntchito zambiri. Ngati kakuvuta kusungunuka, kadontho kamodzi ka oleic acid kamathandiza nthawi zambiri. Sungani timadonthoto m'madzi ake, m'botolo lotseka bwino, mumdima, ndipo ngati n'kotheka pansi pa nayitirojeni, chifukwa okosijeni ndi kuwala zimadya pamwamba pake pang'onopang'ono. Mukaona mtundu ukusunthira ku buluu masabata akamapita, ndiye kuti tikudyeka.

Kunena zoona, cadmium selenide wopanda chovala sawala kwambiri ngakhale mutamusamala bwanji. Ngati kafukufuku wanu akufuna kuwala kwamphamvu ndi kokhalitsa, pafunika chikwa. Mu 1996 Margaret Hines ndi Philippe Guyot-Sionnest ku University of Chicago anaonetsa kuti kuyala zinc sulfide pamwamba pa cadmium selenide kumakweza kuwala kwambiri, chifukwa chikwacho chimatsekera elekitironi m'kati, kutali ndi malo okola aja. Vuto lake n'lakuti mipata ya maatomu a zinc sulfide imasiyana ndi ya cadmium selenide ndi pafupifupi 12 peresenti, ndiye chikwa chikanenepa chimachita ming'alu. Cadmium sulfide amasiyana ndi pafupifupi 4 peresenti yokha, choncho ambiri amayamba ndi iye n'kumalizira ndi zinc sulfide kunja. Mukayala cadmium sulfide mtundu usunthira kofiira. Musadabwe, n'chizindikiro chakuti chikwa chagwira. Koma musathamangire zimenezi. Chikwa sichikonza timadontho tosiyana kukula, chimangotiwalitsa tili tosiyana choncho.

Za mnzanu uja ndi masamba a mitengo. Maganizo ake ndi abwino, ndipo ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito madzi a zomera popanga tinthu ting'onoting'ono ta siliva kapena zinc oxide. Koma pa ntchito yanuyi ine sindingakulangizeni. Madzi a masamba ali ndi mankhwala ambirimbiri osadziwika kuchuluka kwake, ndipo amasintha malinga ndi nyengo, nthaka ndi msinkhu wa tsambalo. Inu mukuvutika kale ndi zosafunika zochepa za m'botolo la TOP. Mukalowetsa masamba mwachulukitsa zosadziwikazo. Ndipo chachikulu n'chakuti poizoni sali mu oleic acid kapena octadecene. Ali mu cadmium. Cadmium wopangidwa ndi masamba ndi cadmium yemweyo.

Ngati mantha anu ali pa cadmium, njira zina zilipo, iliyonse ndi zovuta zake. Zinc oxide ndiye wosavuta kuyamba naye: zinc acetate ndi lithium hydroxide kapena potassium hydroxide mu ethanol, kutentha kochepa, ndipo muona malire a kuyamwa kwake akusuntha pa UV-Vis timadontho tikamakula. Kungoti mphamvu yake ndi yaikulu, 3.37 eV, choncho zonsezi zimachitikira mu UV, simupeza mitundu yokongola ija. Copper indium sulfide amapangidwa posakaniza zonse ndi dodecanethiol n'kutenthetsa pamodzi popanda kubaya, koma kuwala kwake n'kotambalala mwachibadwa. Indium phosphide ndi amene makampani a ma TV ngati Samsung anatembenukirako, pakati pa zifukwa zina chifukwa lamulo la European Union lotchedwa RoHS limaletsa cadmium kupitirira 0.01 peresenti m'zipangizo zamagetsi. Koma kumupanga n'kovuta kwambiri: amadana ndi madzi ndi okosijeni, ndipo phosphorus amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, tris-trimethylsilyl phosphine, amayaka yekha mumpweya. Popanda glovebox, bokosi lotsekeka logwiriramo ntchito kudzera m'magolovesi mopanda mpweya wakunja, musamuyese. Palinso timadontho ta cesium lead bromide, ta m'gulu lotchedwa ma perovskite, amene gulu la Maksym Kovalenko ku Zurich, m'dziko la Switzerland, linawafalitsa mu 2015. Amapangidwa m'masekondi ochepa ndipo amawala kwambiri popanda chikwa, koma muli mtovu, ndipo madzi kapena ethanol zimawaononga msanga. Maganizo anga ndi akuti, ngati labotale yanu ili ndi zotetezera zoyenera, khalani pa cadmium selenide mpaka mumudziwe. Ndi amene anafufuzidwa kwambiri, ndipo zimene mungaphunzire pa iye zidzakuthandizani pa ena onsewa.

Funso lanu lomaliza ndimalitenga mwakuya, ndipo ndikupempha kuti inunso mutero. Inde, cadmium angakuvulazeni. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linamuika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Amaunjikana mu impso, amafooketsa mafupa, ndipo akalowa m'thupi amatenga zaka zoposa 10 kuti theka lake lokha lituluke. Matenda a itai-itai amene anazunza anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Jinzu ku Toyama, m'dziko la Japan, anayamba chifukwa cha cadmium wotayidwa kuchokera ku migodi. Pa ntchito yanu, nthawi yoopsa kwambiri si yobaya ija. Ndi nthawi yoyeza ufa, chifukwa fumbi la cadmium oxide likapumidwa limalowa m'mapapo. Muziyezera ufawo mu fume hood, kabati ija yokoka mpweya woipa n'kuutulutsa kunja, ndipo mukatha mupukute malowo ndi kapepala konyowa, osati kusesa kouma. Ntchito yonse yotenthetsa ichitikire momwemo. Ngati labotale yanu ilibe fume hood yogwira ntchito, imani kaye mpaka itakonzedwa, kapena musamukire ku zinc oxide. Pamenepa sindinyengerera.

Magolovesi a nitrile amateteza ku ufa, koma toluene amawadutsa m'kanthawi kochepa, ndipo amatha kunyamula timadontho mpaka pakhungu. Akangodonthera, vulani muvale ena. Magalasi a m'maso asachoke, makamaka pobaya ndi potapa, chifukwa octadecene wa madigiri 250 amawotcha kwambiri ndipo nthunzi yake imagwira moto. Potapa mafuta otentha gwiritsani sirinji yagalasi, yapulasitiki imafewa. Nyali ya UV musaiyang'ane mwachindunji. Zinyalala zonse, madzi otsukira, mapepala, magolovesi, zipite m'chotengera cholembedwa kuti muli cadmium ndi selenium, osathira m'sinki. Ndipo musathire asidi m'zinyalala zimenezi: selenide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa hydrogen selenide, umene ndi woopsa ngakhale utakhala wochepa kwambiri. Musagwire ntchitoyi muli nokha m'labotale usiku. Ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, kapena mukukonzekera kutero, uzani woyang'anira kafukufuku wanu ndi dokotala musanapitirize. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwapuma fumbi kapena utsi wa cadmium, ngakhale mukumva bwino. Zizindikiro zake zimatha kuchedwa maola angapo: kutsokomola, kuthina pachifuwa, kupuma movutikira, kutentha thupi ndi kuphwanya ngati chimfine. Muwauze madokotala dzina la mankhwalawo, ndipo mutenge pepala lake la chitetezo lija limabwera ndi botolo. Ngati mudzagwira ntchitoyi miyezi yambiri, funsani ngati n'kotheka kuyezetsa cadmium m'magazi kapena mumkodzo, poyamba ndi pakapita nthawi.

Kumbali ya kafukufuku, nthawi yofuna thandizo ndi pamene mwabwereza katatu mosamala monga ndafotokozera, koma nsonga ya UV-Vis ikudumphabe ndi 15 nm kapena kuposa. Pamenepo itanani woyang'anira wanu, kapena wina amene manja ake anazolowera, aime nanu kuyambira poyeza mpaka pobaya. Kawirikawiri amapeza kabowo kolowetsa mpweya pa mpira wotsekera, choyezera kutentha chonama, kapena TOP wowonongeka. Musanalembe kukula kwa timadontho m'buku lanu la digiri, tumizani tina kumene kuli makina a TEM, maikulosikopu yogwiritsa ntchito ma elekitironi, kuti titsimikizidwe ndi chithunzi, chifukwa nambala za UV-Vis n'zongoyerekezera. XRD, njira younikira ndi ma X-ray, ikuuzani ngati maatomu ayalana mwa zinc blende kapena wurtzite, mitundu iwiri ya kayalidwe kake, ndipo mizere yake ikhala yotambalala. Pa timadontho tating'ono chonchi n'mmene iyenera kukhalira.

Mukadzandilemberanso, munditumizire zithunzi za UV-Vis za timabotolo tija pa maulendo atatu, kutentha kumene munabayira ndi kumene kunatsikira mutabaya, kuchuluka kwa oleic acid poyerekeza ndi cadmium, ndi tsiku limene munasungunula selenium. Ndi zimenezo tidzatha kuloza pamene pakuvuta.